Maphunziro Osatha a Owongola Msana: Zimene Intaneti Ingaphunzitse ndi Zimene Singathe

M'mayiko amene ntchito ya chiropractic ili ndi lamulo loiyang'anira, digiri yokha siipatsa munthu ufulu wogwira odwala moyo wake wonse. Chaka chilichonse, kapena pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, chiropractor amayenera kusonyeza ku bungwe limene linamupatsa laisensi kuti wakhala akuphunzirabe. Akalephera kutero, laisensiyo siikonzedwanso ndipo iye amaletsedwa kugwira ntchito. Kale maphunzirowa ankachitikira m'maholo a mahotela ndi m'makalasi a makoleji Loweruka ndi Lamlungu, munthu atayenda ulendo wautali n'kulipira pogona. Masiku ano maola ambiri amapezeka pa intaneti, munthu ali khale pa desiki ya mu ofesi yake madzulo odwala atapita.

Kusinthaku kwachepetsa ndalama ndi maulendo, koma kwabweretsa funso limene mabungwe oyang'anira akulimbana nalobe. Chiropractic ndi ntchito ya manja. Kompyuta imatha kufikitsa kwa munthu zotsatira za kafukufuku, malamulo atsopano ndi zithunzi za X-ray, koma siingamve mphamvu imene dzanja lake likukankhira msana wa wodwala. N'chifukwa chake malamulo a m'mayiko ambiri amasiyanitsa zimene mutu ungaphunzire patali ndi zimene dzanja liyenera kuphunzira mphunzitsi ali pomwepo.

Ntchito yake ndi kumene inachokera

Chiropractor ndi katswiri wa zaumoyo amene amathandiza makamaka anthu ovutika ndi msana, khosi ndi malo olumikizirana mafupa. Sachita opaleshoni, ndipo m'mayiko ambiri saloledwa kulembera odwala mankhwala. Njira yake yodziwika kwambiri ndi iyi: wodwala amagona pa bedi lapadera, katswiri amaika dzanja pamalo amodzi a msana, kenako amakankha mofulumira kwambiri koma mosapita patali. Nthawi zambiri pamamveka kaphokoso kofanana ndi kamene kamatuluka munthu akakoka chala. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi fupa limene likubwerera m'malo mwake, pamene phokosolo limachokera ku kathovu ka mpweya kamene kamapangika m'timadzi ta pakati pa mafupa. Mu 2015 akatswiri a ku University of Alberta ku Canada anaonetsa zimenezi pojambula chala ndi makina a MRI pa nthawi imene chinkakokedwa.

Anayambitsa ntchitoyi ndi Daniel David Palmer ku Davenport, m'chigawo cha Iowa ku America, mu 1895, ndipo patatha zaka ziwiri anatsegula sukulu yake mumzinda womwewo. Palmer ankaphunzitsa kuti matenda ambiri amayamba chifukwa cha timafupa ta msana timene tasuntha n'kupanikiza mitsempha, vuto limene analitcha subluxation. Madokotala a nthawiyo anakana chiphunzitsochi, ndipo mu 1906 Palmer anatsekeredwa m'ndende pa mlandu wochiza anthu popanda chilolezo. Chigawo cha Kansas ndi chimene chinayamba kukhazikitsa lamulo lopereka laisensi kwa ma chiropractor mu 1913, ndipo cha Louisiana chinali chomaliza mu 1974. Ku Britain lamulo lotere linabwera mu 1994, ndipo linakhazikitsa bungwe la General Chiropractic Council. Mu 2005 bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko yonena kuti maphunziro oyamba a chiropractor asachepere maola 4,200 a m'kalasi pa zaka zinayi, ndipo pa maolawa 1,000 akhale ogwira odwala moyang'aniridwa.

Mbiri imeneyi inasiya magulu awiri m'ntchitoyi. Gulu lina limagwiritsabe chiphunzitso cha Palmer ndipo limakhulupirira kuti kuwongola msana kumathandiza thupi lonse. Lina limadziona ngati akatswiri a mavuto a msana ndi minofu basi, ndipo limatsata umboni wa kafukufuku. Magulu onsewa ali ndi makoleji, mabungwe ndi aphunzitsi awo, ndipo onse amagulitsa makosi pa intaneti.

Chifukwa chake sukulu siitha

Kupweteka kwa m'munsi mwa msana ndi vuto limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito kuposa lina lililonse padziko lapansi. Bungwe la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni anali nalo, ndipo chiwerengerochi chikuyembekezeka kufika pa 843 miliyoni pofika 2050. Koma malangizo a mmene vutoli liyenera kusamalidwira asintha kwambiri pa zaka makumi atatu zapitazi. Kale wodwala msana ankauzidwa kuti agone masiku angapo osadzuka. Lero amalangizidwa kuti aziyenda ndi kupitiriza ntchito zimene angakwanitse. Kale ma chiropractor ambiri ankajambula X-ray wodwala aliyense wolowa pakhomo, mwambo umene unayamba B.J. Palmer, mwana wa woyambitsa uja, atabweretsa makinawa kusukulu ya ku Davenport mu 1910. Mu 2017 bungwe la American Chiropractic Association linalangiza mamembala ake kuti asajambule munthu amene wangoyamba kumva msana pa milungu isanu ndi umodzi yoyamba, pokhapokha ngati pali zizindikiro za matenda oopsa.

Malo a chithandizo cha manja pakati pa zithandizo zina nawonso afotokozedwa bwino. Malangizo a bungwe la NICE ku England a mu 2016 amati kuwongola msana kuperekedwe limodzi ndi masewera olimbitsa thupi, osati pakokha. Mu 2017 American College of Physicians inaika kuwongola msana pa mndandanda wa njira zimene wodwala angayambe nazo asanapatsidwe mankhwala, ndipo mu December 2023 WHO inaikanso njirayi pakati pa zimene zingaperekedwe kwa anthu a msana wokhalitsa. Mbali inayi, General Chiropractic Council inanena mu 2010 kuti palibe umboni wa kafukufuku wolola munthu kunena kuti subluxation ndi imene imayambitsa matenda.

Malamulo enieni nawonso amasintha mwadzidzidzi. Ku Australia, bungwe loyang'anira ma chiropractor linaletsa kuwongola msana wa ana osakwana zaka ziwiri mu 2019, linachotsa chiletsocho kumapeto kwa 2023, kenako linachibwezeretsa mu June 2024 nduna za zaumoyo zitadandaula. Munthu amene anamaliza koleji zaka makumi awiri zapitazo n'kusiyiratu kuwerenga akhoza kuphwanya lamulo osadziwa.

Maola angati, ndipo a mtundu wanji

Ku America chigawo chilichonse chili ndi bungwe lake ndi chiwerengero chake. Texas imafuna maola 16 pachaka, New York maola 36 pa zaka zitatu, Florida maola 40 pa zaka ziwiri. Ku California lamulo lakhala kwa zaka zambiri lakuti chiropractor apeze maola 24 pachaka, ndipo osapitirira 12 mwa amenewa ndi amene angachokere ku maphunziro a patali. Pa maola omwewo ena amakhala a mitu yokakamiza, monga malamulo ndi khalidwe loyenera pantchito. Amene ali ndi laisensi m'zigawo ziwiri kapena zitatu amayenera kukwaniritsa zofuna za chigawo chilichonse pachokha, ndipo kosi yovomerezeka kwina imatha kukanidwa kwina.

Ku Ontario, m'dziko la Canada, amafuna maola 40 pa zaka ziwiri. Theka lake limakhala la makosi okonzedwa, pamene theka linalo munthu amalipeza powerenga yekha mabuku ndi magazini a kafukufuku. Ku Australia ndi maola 20 pachaka, kuwonjezerapo satifiketi ya chithandizo choyamba imene sinathe ntchito.

Britain inatenga njira ina. Chaka cha maphunziro kumeneko chimayamba pa 1 September n'kutha pa 31 August, ndipo aliyense amayenera kupeza maola 30. Mwa amenewa, osachepera 15 ayenera kukhala ophunzira pamodzi ndi anthu ena. Bungwe la kumeneko silisamala kwenikweni kuti anthuwo anakumana m'chipinda kapena pa kompyuta. Chimene limafuna n'chakuti pakhale kufunsana ndi kuyankhana. Chotero msonkhano wa pa Zoom umene anthu akukambirana za wodwala wovuta ukhoza kuwerengedwa m'gulu limeneli, pamene vidiyo yoonera munthu ali yekha imapita m'gulu linalo.

Mmene kosi ya pa intaneti imayendera

Makosiwa ali m'magulu awiri. Ena amachitika pa nthawi yoikika, mphunzitsi akulankhula ophunzira akumuona ndi kumufunsa. Ena ndi ojambuliratu, oti munthu amatsegula nthawi imene wapeza mpata. Amene amawakonza ndi makoleji monga Palmer College of Chiropractic, Logan University, Parker University ndi Canadian Memorial Chiropractic College. Ena ndi mabungwe a akatswiri monga American Chiropractic Association ndi Royal College of Chiropractors ya ku Britain. Palinso makampani amene ntchito yawo ndi kugulitsa makosi basi.

Wophunzira akalowa pa tsamba la kosi yojambuliratu, amalemba dzina lake, nambala ya laisensi ndi chigawo chimene amagwirako ntchito. Amalipira ndi khadi la ku banki, kenako vidiyo imayamba, wotchi ikuwerenga mphindi pakona. Pa makosi ambiri sangathamangitse vidiyoyo kuti ifike msanga kumapeto. Pakapita kanthawi pamatuluka funso kapena kabokosi kofuna kuti adine, ndipo akapanda kudina wotchi imaima. Gawo lililonse likatha pamabwera mayeso a mafunso osankha yankho, ndipo amene walephera amabwereza. Akakhoza, satifiketi imatuluka nthawi yomweyo, itaonetsa mutu wa kosi, tsiku, maola ndi nambala ya chivomerezo. Mabungwe ena amawerenga mphindi 50 za phunziro ngati ola limodzi. Pa makosi a nthawi yoikika, okonza ena amafuna kuti kamera ikhale yoyatsa mpaka pomaliza, kapena amatchula mawu ena pakati pa phunziro oti wophunzira awalembe pamapeto posonyeza kuti anali kumvetsera.

Njira zonsezi zinabwera pofuna kuthana ndi chinyengo chodziwika: kutsegula vidiyo n'kupita kukachita zina, kapena kuuza wantchito wa pa ofesi kuti azidina m'malo mwa abwana. Zimatsimikiza kuti munthu anakhala pafupi ndi kompyuta, koma sizingatsimikize kuti zimene anamva zasintha kagwiridwe kake ka ntchito.

Zimene zimaphunzitsika bwino patali

Mutu waukulu pa yonse ndi kuzindikira wodwala amene sayenera kuwongoledwa msana n'komwe. Anthu ambiri odandaula msana alibe matenda oopsa, koma mwa ochepa ululuwo umakhala chizindikiro cha khansa imene yafalikira m'mafupa, fupa lothyoka chifukwa cha kufooka kwa mafupa, kapena tizilombo timene talowa m'msana. Makosi abwino amaphunzitsa zimenezi kudzera m'nkhani za odwala. Pa kompyuta pamabwera mbiri ya munthu wa zaka za m'ma 60 amene msana ukumupweteka kwambiri usiku, sukuleka ngakhale agone chotani, ndipo waonda osadziwa chifukwa. Wophunzira amafunsidwa kuti asankhe funso limene angafunse kenako. Akasankha kufunsa za matenda akale, amauzidwa kuti wodwalayo analandirapo chithandizo cha khansa zaka zingapo zapitazo. Kenako pamabwera chithunzi cha X-ray choti aloze pamene pali vuto, ndipo yankho lolondola pamapeto pake ndi kulemba kalata yomutumiza kuchipatala, osati kumugoneka pa bedi.

Vuto lina limene limabwerezedwa kawirikawiri ndi cauda equina, kupanikizika kwa mitsempha ya kumapeto kwa msana. Zizindikiro zake ndi dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumatako, kulephera kukodza kapena kudziletsa, ndi kufooka kwa miyendo. Wodwala wotere amafunika kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kuchedwa kungamusiye wolumala moyo wake wonse.

Khosi lili ndi phunziro lakelake. Mitsempha ya magazi yopita ku ubongo imatha kung'ambika mkati n'kuyambitsa sitiroko, ndipo pakhala mkangano wa zaka zambiri ngati kupotokola khosi kumayambitsa zimenezi. Kafukufuku wamkulu wa ku Ontario wofalitsidwa mu 2008 anapeza kuti anthu amene anadwala sitiroko ya mtundu umenewu anali atapita kwa dokotala wamba mofanana ndi mmene ena anapitira kwa chiropractor. Ochita kafukufukuyo anaganiza kuti mwina mtsempha umakhala utayamba kale kung'ambika, ndipo kupweteka kwa khosi ndi mutu ndi kumene kumapititsa munthuyo kukafuna thandizo. Komabe mu 2014 American Heart Association inalangiza kuti odwala aziuzidwa za chiopsezochi asanagwiridwe khosi. Choncho makosi amaphunzitsa mbali ziwiri: kuzindikira mutu wachilendo umene wayamba mwadzidzidzi, chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kulankhula movutikira, komanso kufotokozera wodwala momveka kuti avomere akudziwa chimene akuvomera.

Kalembedwe ka mafayilo a odwala ndi mutu wina umene mabungwe amaukakamiza, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi ndalama. Ku America, inshuwalansi ya boma ya okalamba yotchedwa Medicare imalipira kuwongola msana ngati chithandizocho chikufunikadi, koma siilipira maulendo ongopitiriza munthu atachira kale. Mu 2016 ofesi yofufuza za ndalama mu unduna wa zaumoyo wa dzikolo inapeza kuti pafupifupi madola 359 miliyoni, omwe ndi 82 peresenti ya ndalama zimene Medicare inalipira ma chiropractor mu 2013, sanakwaniritse malamulo ake. Kuonjezera pa mitu imeneyi, pali makosi a kusunga chinsinsi cha wodwala, malire oyenera pakati pa katswiri ndi wodwala amene wavula malaya pa bedi, ndi zimene munthu angalembe kapena sangalembe potsatsa ntchito yake.

Pamene kompyuta imalekera

Kukankha kwa chiropractor kumatenga nthawi yosakwana theka la sekondi. M'kanthawi kameneka muli mphamvu, liwiro, kumene dzanja laloza ndi mmene thupi la wodwala lakhalira. Monga mmene munthu sangadziwire kuumba mbiya pongoonerera woumba, luso lotere silikhazikika popanda kuyesa mobwerezabwereza wina akukonza zolakwa. Vidiyo imaonetsa pamene dzanja liikidwa, koma siiuza wophunzira kuti iyeyo akukankha mopitirira muyeso.

Makoleji ena anapeza njira yoyezera zimenezi. Ku Canadian Memorial Chiropractic College, mumzinda wa Toronto, kuli mabedi okhala ndi zida zoyeza mphamvu mkati mwake. Wophunzira amakankha chidole chooneka ngati thupi la munthu, ndipo nthawi yomweyo pa kompyuta pamatuluka mzere woonetsa mphamvu imene anayamba nayo, pamene inafika pachimake ndi nthawi imene inatenga. Mphunzitsi amatha kumuuza kuti achepetse ndi theka, monga angachitire pa gogo wa mafupa ofooka, n'kuona ngati dzanja lamvera. Zida zotere zili m'makoleji, ndipo amene akuzifuna ayenera kupita komweko.

Chithandizo choyamba chilinso m'gulu lomweli. Mu 2019 bwalo lofufuza za imfa ku England, litamva nkhani ya wodwala wachikulire amene anavulala khosi ali kwa chiropractor n'kumwalira, linalembera General Chiropractic Council kuti iunikenso maphunziro a chithandizo choyamba ndi nkhani yojambula odwala asanagwiridwe. Bungwelo linauza mamembala ake onse kuti aike mutu wa chithandizo choyamba m'maphunziro awo opitiriza. Malamulo a chithandizochi akhoza kuwerengedwa pa intaneti, koma kupopa pamtima pa munthu amene wasiya kupuma kumafunika kuyeserera pa chidole mphunzitsi akuona. Ichi n'chifukwa chake makosi ambiri masiku ano amagawidwa pawiri: zowerenga ndi mavidiyo zimatumizidwa pasadakhale, ndipo tsiku lokumana limakhala la manja okhaokha.

Zimene kafukufuku wapeza

Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi anachitika pakati pa madokotala, anamwino ndi ophunzira zachipatala, koma zotsatira zake zimaunikiranso ntchito ya chiropractic. Mu 2008 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kuunika kwa makafukufuku 201 kumene anatsogolera ndi David Cook. Anapeza kuti kuphunzira pa intaneti kumathandiza kwambiri poyerekeza ndi kusaphunzira n'komwe, ndipo zotsatira zake zimafanana ndi za maphunziro a m'kalasi. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusefa makafukufuku a zaumoyo, linapezanso mu 2018 kuti kusiyana kwa njira ziwirizi n'kochepa kapena palibe, pa zimene akatswiri amachita ndi pa mmene odwala amapezera.

Izi zikusonyeza kuti chachikulu si malo ophunzirira ayi, koma kaphunzitsidwe. Kuunika kwina kwa Cochrane pa misonkhano ya maphunziro kunasonyeza kuti misonkhanoyi imasintha kagwiridwe ka ntchito pang'ono chabe, ndipo kusintha kumakula ophunzira akamatenga nawo mbali m'malo mongomvetsera. Munthu wosinza kumbuyo kwa holo ya hotela ndi munthu wodina vidiyo akuyankha mauthenga pa foni onse amalandira satifiketi yofanana, ndipo onse amabwerera kwa odwala ali chimodzimodzi.

Pali vuto linanso lokhudza kusankha. Pa intaneti aliyense amasankha yekha kosi, ndipo anthu amakonda mitu imene akuidziwa kale. Kafukufuku wina wa mu JAMA wa 2006 anapeza kuti madokotala sadziyesa okha molondola, ndipo amene ankalakwitsa kwambiri podziyesa anali a luso lochepa komanso odzidalira kwambiri. Apa ndi pamene pagona nzeru yoika mitu yokakamiza ndi yofuna kuti maola ena akhale ophunzira ndi anthu ena, amene angaone chimene mwiniwake sakuchiona.

Ndani amavomereza makosi

Popeza aliyense wokhala ndi kamera akhoza kujambula phunziro n'kuligulitsa, chivomerezo ndi chimene chimasiyanitsa kosi yowerengedwa ndi yosawerengedwa. Ku America, bungwe la Federation of Chiropractic Licensing Boards, limene linayamba mu 1926 ndipo limasonkhanitsa mabungwe opereka malaisensi, lili ndi ndondomeko yotchedwa PACE. Ndondomekoyi imaunika okonza makosi: maphunziro a aphunzitsi awo, mmene amasungira kaundula wa opezekapo, ndi mmene amalekanitsira phunziro ndi malonda. Zigawo zambiri zimalandira makosi a okonza ovomerezedwa ndi PACE, pamene zina zimafunabe kuunika kosi iliyonse pazokha. Mabungwe ambiri sawerenga makosi ongophunzitsa kukopa makasitomala kapena kuchulukitsa phindu.

Ngakhale zili choncho, sefa imeneyi ili ndi mabowo. Ena mwa aphunzitsi ndi eni ake a njira kapena makina amene akuphunzitsa, ndipo phunziro limathera pa kugulitsa. Nthawi ya Covid-19 inaonetsa poyera kukula kwa vutoli. Ma chiropractor ena atayamba kulengeza kuti kuwongola msana kumalimbitsa chitetezo cha m'thupi, World Federation of Chiropractic inatulutsa chikalata mu March 2020 chonena kuti palibe umboni wodalirika wa zimenezo. Mu October 2021 bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linapeza kuti misonkhano ina ya ma chiropractor ku America yonyoza katemera inkapereka maola ovomerezeka a maphunziro opitiriza. Kosi yolakwika ikakhala pa intaneti imafika kwa anthu ochuluka kuposa amene angakwane m'holo, ndipo imagulitsidwabe kwa zaka pokhapokha wina ataichotsa.

Mliri womwewo ndi umene unakankhira maphunzirowa pa intaneti mofulumira. Misonkhano italetsedwa mu 2020, mabungwe ambiri anaimitsa kwa kanthawi malamulo ofuna kuti anthu akumane pamaso, ndipo analola kuti phunziro la pa vidiyo la nthawi yoikika liwerengedwe ngati la m'kalasi. Mliri utatha, ena anabwerera ku malamulo akale, ena anasunga kusinthako.

Kum'mwera kwa Africa

M'chigawo chino ma chiropractor amaphunzitsidwa ku South Africa, pa Durban University of Technology ndi University of Johannesburg, ndipo amalembetsa ku Allied Health Professions Council of South Africa, bungwe limene limafunanso mapointi a maphunziro opitiriza. Dongosolo lake ndi lofanana ndi la maphunziro opitiriza (CPD) limene anamwino ndi azamba a ku Malawi amatsata pokonzanso ziphaso zawo. Kunja kwa South Africa akatswiriwa ndi ochepa ndipo ali patalipatali, moti kwa ambiri intaneti ndi njira yokhayo yopezera maphunziro popanda kukwera ndege. Ku Botswana, bungwe la World Spine Care linatsegula zipatala za msana ku Shoshong ndi ku Mahalapye, kumene akatswiri ochokera kunja akhala akugwira ntchito ndi azaumoyo a m'dzikomo.

Zovuta zake n'zodziwika kwa aliyense wogwiritsa ntchito intaneti kuno. Vidiyo ya maola angapo imadya bandulo yambiri, magetsi akazima pakati pa phunziro wotchi imaima, ndipo malipiro amakhala m'madola kapena m'mapaundi. Phunziro loyamba 7 koloko madzulo ku New York limapeza anthu a ku Johannesburg ndi ku Lilongwe ili 1 kapena 2 koloko usiku. Koma vuto lalikulu lili m'zophunzitsidwazo. Kosi yokonzedwera America imatha maola ikufotokoza malamulo a Medicare amene alibe ntchito kuno, ndipo imangotchula mwachidule TB ya msana. M'mayiko amene TB ndi HIV zili zofala, munthu wopweteka msana kwa miyezi, wotuluka thukuta usiku ndi woonda ayenera kuganiziridwa za matenda amenewa msanga, chifukwa kukankha fupa limene TB yalidya kukhoza kumupha miyendo. Katswiri wa kuno amafunika kusankha makosi poganizira odwala amene amalowa pakhomo pake, ndi kuwonjezerapo maphunziro a madokotala a m'dziko lake.

Kutsimikiza ndi chilango

Pokonzanso laisensi, chiropractor amasainira kuti wakwaniritsa maola ake, ndipo amayenera kusunga masatifiketi kwa zaka zingapo. Mabungwe amasankha mayina ena mwachisawawa n'kuitanitsa umboni. Wopezeka kuti maola ake ndi operewera amapatsidwa nthawi yoti akwaniritse, amalipitsidwa chindapusa kapena amaimitsidwa, ndipo wonama posaina amakhala ndi mlandu waukulu kuposa wa kuperewera kwa maolawo.

Mabungwe ena ayamba kufunsa zoposa chiwerengero. Ku Britain ndi ku Australia katswiri amayenera kulemba chimene anaona kuti akuperewera, phunziro limene anasankha chifukwa cha zimenezo, ndi mmene lakhudzira kasamalidwe ka odwala ake. Zolembazi zimatumizidwa kapena kusungidwa kuti bungwe lizione likafuna. Kwa wodwala, chimene angachione yekha ndi kaundula. General Chiropractic Council, bungwe la AHPRA la ku Australia ndi mabungwe a zigawo za ku America amaika mayina a olembetsa pa intaneti, ndipo aliyense akhoza kufufuzapo ngati laisensi ya munthu ikugwira ntchito komanso ngati pali ziletso zimene anamuikira. Dzina likapezeka pamenepo, ndiye kuti mwini wake wauza bungwe kuti wakwaniritsa maphunziro a nyengo imeneyo ndipo akhoza kufunsidwa umboni nthawi iliyonse.